Ana anga a fomu 4 akuseka nkhani ya Ayuda 6 miliyoni, ndiyambire pati?

Sir_Mbiri
Anzanga ndithandizeni maganizo. Ndimaphunzitsa History pa sekondale ina yoyendera kuno kumudzi, ndiye sabata yathayi tinafika pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, za Hitler ndi chipani chake cha Nazi. Ndinalemba pa bolodi kuti Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anaphedwa, ana nkukopera bwinobwino m'makope ngati akukopera mtengo wa feteleza, palibe ndi mmodzi yemwe nkhope inasintha. Kenako mnyamata wina wokhala kumbuyo, wanzeru ndithu m'kalasimo, akuti sir zimenezo nzokokomeza, iye anaonera vidiyo pa foni ya akulu ake yoti Ayudawo anangopeka nambala kuti azipatsidwa ndalama, komanso eti mabanki onse apadziko ndi awo. Kalasi yonse kuwomba m'manja. Ndinamuyankha inde koma ndinaona ndekha kuti sizinalowe. Popita kukaona kope lake ndapeza pa desiki wagoba kachizindikiro ka Nazi kaja ndi kampasi. Munthu ungayambire pati pamenepa?

Tsabola_wakale
Ameneyo akufunika chikoti osati mayankho. Nthawi yathu ukagoba desiki umakumba dzenje la zinyalala mpaka dzuwa kulowa.

Mai_a_Tadala
A Tsabola chikoti chinaletsedwa kalekale, komanso mukamukwapula angoti mwaona, ndanena zoona nchifukwa sir apsa mtima. Ndipo tisanamizane, ife tomwe tinali ndi ahedi amene tinkawatcha Hitler, eni akewo ankachita kunyadira dzinalo. Kwathu kuno Hitler zimangotanthauza munthu wovuta basi. Mwanayo wakula akumva dzinalo ngati nthabwala ndiye musamudabwe kwambiri.

Masamu_okha
Auzeni kuti kalembera wa 1977 anapeza anthu 5.5 miliyoni m'Malawi muno. Ndiye kuti kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje osasiyako ndi khanda lomwe, nambalayo sinakwanebe. Mwina atero aona kukula kwake.

Kwa_Joni_kuno
Sir ine sukulu ndinalekezera fomu 2 koma ndiloleni ndinene zomwe zinandichitikira. Ndatha zaka 7 ndikugwira ntchito ya m'nyumba kwa agogo ena aakazi achiyuda kuno ku Joni. Ayuda ambiri akuno makolo awo anachokera ku Lithuania. Pa shelefu ya pabalaza pali chithunzi chakale chomwe ndimapukuta fumbi Lachisanu lililonse, anthu 11 atakhala pakhonde, azibambo a ndevu, azimayi ovala mipango, ana pansi. Zaka zitatu ndinkangopukuta osafunsa, si za mabwana izi. Tsiku lina anandipeza nditachigwira nthawi yayitali, basi nkukhala pansi nkuyamba kuloza ndi chala, awa ndi azakhali anga ankasoka zovala, awa ankayimba ku sunagoge, aka akuti kanali kakuba shuga, m'kalata iliyonse yobwera kwa bambo anga ankakadandaula. Chithunzicho anachitumiza kwa bambo awo mu 1938, iwo atabwera kale kuno. Ndinafunsa kuti nanga pano ana awo ali kuti. Anangoti palibe, onse 11 anawaombera mu 1941 m'nkhalango kuseri kwa tauni yawo, ndipo ena mwa ogwira mfutiwo sanali Majeremani, anali anthu a m'dera lomwelo owadziwa ndi mayina.
Aise nsima sinalowe tsiku limenelo. 6 miliyoni ndinali nditaimvapo pa wailesi kangapo konse koma amene anandikhala pamtima ndi kamwana kakuba shuga kaja. Ndiye ine ndingoti anawo musawapatse nambala yokha, apezereni munthu mmodzi awauze yekha ndi pakamwa pake.

Mai_a_Tadala
Iiii mayi ine ndili mu minibasi koma misozi.

Kwa_Joni_kuno
Ndiwonjezere, kuno kuli malo otchedwa Johannesburg Holocaust & Genocide Centre ku Forest Town, ndinapitako tsiku la ofu. Mayi amene anayambitsa malowo, Tali Nates, bambo awo anapulumuka chifukwa anali pa mndandanda wa Oskar Schindler, Mjeremani amene anapulumutsa Ayuda powalemba ntchito mu fakitale yake. Muli mavidiyo a opulumuka akufotokoza okha ndipo mbali ina ndi ya ku Rwanda 1994. Ku Cape Town ndi ku Durban kulinso malo ngati amenewa. A Malawi tili mbwee kuno koma sindinakumanepo ndi mmodzi yemwe kumeneko.

Kafukufuku
Ndiyankhule zosakoma. Sindikukana kuti zinachitika, koma umboni wapakamwa si wodalirika. Agogo a zaka 85 akufotokoza zomwe anaona ali ndi zaka 10, mukuti sangasokoneze? Ifeyo timakangana za maliro a chaka chatha chomwechi kuti analalika ndani. Ndipo zinachitikapo, bambo wina wa ku Switzerland anatulutsa buku mu 1995 lofotokoza ubwana wake m'makampu, analandira mphoto, anthu analira, mu 1998 mtolankhani nkutulukira kuti munthuyo nthawi ya nkhondo anali phee ku Switzerland konko. Mwana wanzeru ngati wa a Sir akadzaipeza nkhani imeneyi adzati mwaona, onse ndi abodza. Mukamanga nyumba pa misozi imagwa.

Tsabola_wakale
A Kafukufuku nthawi zonse mumafuna kuoneka osiyana ndi anzanu.

Loya_wa_pakhonde
Ayi musiyeni, wanena mfundo. Ndipo maloya enieni anaganizapo chimodzimodzi. Mu 2000 ku London kunali mlandu, David Irving anasumira Deborah Lipstadt, mayi wophunzitsa mbiri wa ku America, chifukwa anamulemba kuti ndi wokana Holocaust, kuphedwa kwa Ayuda kuja. Maloya a mayiyo sanaitane wopulumuka ngakhale mmodzi kudzaima m'bokosi. Sanafune kuti Irving, amene ankadziimira yekha, aziwapanikiza okalamba ndi timafunso ta kodi chitseko chinali kumanja kapena kumanzere. Anabweretsa akatswiri a mbiri ndi zikalata basi, ndipo Irving analuza, jaji ananena kuti ankapotoza dala umboni.
Ndiye a Sir, mwana wanu wonena kuti Ayuda anapeka nambala mumuonetse kuti owerengera oyamba anali akuphawo. Karl Jäger, mkulu wa gulu lina lopha anthu ku Lithuania, analemba lipoti mu December 1941, tsiku ndi tsiku, tauni ndi tauni, amuna angati akazi angati ana angati, pansi nkuwonkhetsa 137,346. Ku Babi Yar ku Kyiv lipoti lawo lomwe likuti 33,771 m'masiku awiri, 29 ndi 30 September 1941. Pali telegalamu ya msilikali wa Nazi, Hermann Höfle, yomwe a Britain anaitchera pa wailesi, ikuti pofika kumapeto kwa 1942 anthu 1,274,166 anali atafikitsidwa m'makampu anayi, Belzec, Sobibor, Treblinka ndi Majdanek. Si Myuda analemba zimenezi. Ankalemba ngati kalaliki wa pa sikelo ya fodya.

Kafukufuku
Ehee ndi zomwe ndikunenazo. Zikalata, osati nthano za agogo.

Loya_wa_pakhonde
Dikirani kaye sindinamalize kkk. Lipoti la Jäger likuuzani kuti tsiku lakuti ana angati. Silikuuzani kuti mmodzi anali wakuba shuga. Wolemba lipotiyo cholinga chake chinali chomwecho, kuti anthuwo asanduke nambala, ndiye ife tikamangophunzitsa nambala tikumalizitsa ntchito yake mosadziwa. Taonani mlandu wa Adolf Eichmann, mkulu wa Nazi amene ankayendetsa zotumiza Ayuda kumakampu, ku Jerusalem mu 1961. Pa milandu ya akuluakulu a Nazi ku Nuremberg kuja anadalira kwambiri mapepala, koma apa woimira boma anaitana mboni zoposa 100, anthu wamba, ndipo dziko linamvetsera pa wailesi ndi pa TV. Ambiri opulumuka anali atakhala chete zaka 15, ena ngakhale ana awo sankadziwa, anayamba kuyankhula pambuyo pa mlandu umenewo.
Za wabodza wa ku Switzerland uja, amene anamugwira ndi ndani? Mtolankhani woyambayo anali mwana wa munthu wopulumuka ku kampu yophera anthu ya Auschwitz. Ndiye kuti umboni umafufuzidwa. Agogo akhoza kusokoneza deti kapena mtundu wa yunifolomu, koma anthu masauzande a zinenero zosiyana, wina ali ku Argentina wina ku Australia, osadziwana, onse akunena za sitima ya ng'ombe, kusankhidwa pa pulatifomu, fungo la utsi, ndipo zikugwirizana ndi mapepala a njanji a Majeremani. Kukhoti timati umboni wagwirana.

Mwana_wa_Africa
Ine funso langa ndi lina. Bwanji nthawi zonse Ayuda? Majeremani omwewo anapha Aherero ndi Anama ku Namibia kuyambira 1904 mpaka 1908, anawathamangitsira m'chipululu, ena anafera pa Shark Island, zigaza anatengera ku Berlin. Boma la Germany linadikira mpaka 2021 kuti livomere kuti kunali kupulula mtundu. Nanga za Leopold, mfumu ya Belgium ija, ku Congo? Nanga akapolo odutsa pa Nkhotakota? Mwana wa ku Dowa adziwe Auschwitz koma Shark Island asaidziwe? Mzungu akafa dziko lonse lilire, ife tikafa ndi ziii.

Tsabola_wakale
Apa ndiye mwalasa.

Namwino_Berlin
Achimwene zomwe mwanenazo nzoona ndipo zimandiwawa inenso, ndimakhala ku Germany kuno chaka chachisanu. Koma si mpikisano wa maliro. Ukapita kukalira kwa oyandikana nawo sindiye kuti waiwala manda akwanu. Ndipo nkhani ya Namibia ikugwirizana ndi zomwe tikukambazi, mu 1918 a Britain anatulutsa lipoti lokhala ndi umboni wa Aherero ndi Anama enieniwo atalumbira, kufotokoza zomwe anaona. Mu 1926 azungu akumeneko atagwirizana okhaokha analamula kuti lipotilo lichotsedwe m'malaibulale ndi kuwonongedwa. Mwaona? Chimene anayamba kufafaniza ndi mawu a mboni. Ayuda sanachite kupatsidwa chikumbutso pa mbale, anachimenyera okha. Mu ghetto ya ku Warsaw, dera limene a Nazi anatsekeramo Ayuda, Emanuel Ringelblum ndi anzake ankatolera makalata, madayale, zolemba za ana asukulu, ngakhale mapepala okulungira maswiti, akudziwa kuti afa, nkuzikwirira pansi m'mabokosi achitsulo ndi m'zigubu za mkaka. Zina anazifukula mu 1946, zigubu ziwiri mu 1950, gawo lachitatu mpaka lero silinapezeke. Funso nloti ifeyo takwirira chani?

Mwana_wa_Africa
Chabwino asisi koma silabasi isinthe. Zonse ziwiri zilowe.

Sir_Mbiri
Pamenepo sindikutsutsani, koma silabasi sindilemba ine kkk. Ine ndili ndi mapiriyodi awiri okha pa mutu umenewu mayeso asanafike.

Mkhristu_weniweni
Koma abale tisaiwale kuti anthu amenewa anapha Ambuye Yesu ndipo ananena okha kuti mwazi wake ukhale pa ife ndi pa ana athu. Mateyu 27:25. Mwina zinali zokwaniritsa malemba.

Mai_a_Tadala
Mxiii. Ndiye kamwana kakuba shuga kaja kanapha Yesu?

Katekisiti_wopuma
Mwana wanga Mkhristu_weniweni, ndikuyankhe mofatsa chifukwa mawu amenewo ndinakula ndikuwamva ndipo mwina ndinawaphunzitsapo ndili wachinyamata, Mulungu andikhululukire. Yesu anali Myuda, amayi ake Myuda, Petulo, Yohane, Paulo, onse Ayuda. Amene anagamula ndi Pilato, okhoma misomali asilikali a Chiroma. Mpingo wa Katolika mu 1965, m'chikalata chotchedwa Nostra Aetate, unanena poyera kuti imfa ya Yesu singaikidwe pa Ayuda onse a nthawi imeneyo kapena a lero. Unatero chifukwa unaona kumene chiphunzitso chimenecho chinafikitsa anthu. Hitler sanayambitse chidanicho, anachipeza chitalimidwa kale zaka mazanamazana, mbali ina kuchokera pa guwa. Vesi limene mwatchulalo anthu ankalimva Lachisanu Loyera nkutuluka kukagenda nyumba za Ayuda. Tisamalitenge mopepuka.

Mkhristu_weniweni
Ine ndangowerenga Baibulo abambo.

Katekisiti_wopuma
Werenganinso Yesaya 56:5. Malo okumbukira ku Jerusalem aja, Yad Vashem, dzina lake linachokera pamenepo, chikumbutso ndi dzina. Kuyambira m'ma 1950 akhala akupempha achibale kuti alembe pepala limodzi pa munthu mmodzi wophedwa, dzina, kwawo, ntchito yake, ndipo mayina omwe atolera ndi pafupifupi 5 miliyoni. Ena otsalawo palibe anatsala woti awatchule.

Zoona_zimawawa
Zonsezi nzabwino koma bwanji palibe akutchula Gaza? Anthu omwe anazunzidwawo lero akupha ana. Ine chisoni chinandithera.

Kwa_Joni_kuno
Ana a ku Gaza ine ndimawalira, ndipo kuno nkhaniyi ndi yotentha, boma lakuno linakasuma mpaka ku khoti la ku Hague. Koma agogo anga aja ali ndi zaka zopitirira 80, sanagwirepo mfuti, sanavotepo ku Israel, ana awo enieniwo amakangana patebulo za nkhondoyi mpaka wina kunyanyala chakudya. Dzudzulani boma ndi asilikali mmene mungathere. Koma mukati "anthu amenewa" ngati ndi munthu mmodzi ndiye mwayamba kuyankhula ngati vidiyo ya mwana uja. Ifeyo kuno tikudziwa kuwawa kwake, Mmalawi mmodzi akaba ku Hillbrow tonse timasanduka makwerekwere oyenera kuotchedwa.

Zoona_zimawawa
Sindinanene kuti aphedwe ine.

Admin_2
Za Gaza tsegulani ulusi wake, tikudziwa mmene zimathera muno. Apa tikuthandiza a Sir.

Chipata_boy
Ndingoponyako ya kwathu ku Zambia. Simon Zukas anabadwira ku Lithuania, Myuda, anabwera ku Northern Rhodesia ali mnyamata mu 1938. Anamenyera nawo ufulu, atsamunda anamuthamangitsa mu 1952 chifukwa chokana chitaganya, anabwerera titalandira ufulu ndipo anadzakhala nduna. Wamwalira mu 2021. Akanachedwa zaka zitatu ku Lithuania kuja bwenzi ali mu lipoti la Jäger lija. Ndiye mwana wanuyo mumuuze kuti Myuda si wa mabanki okha a mu vidiyo, wina anakana nafe Welensky, nduna yayikulu ya chitaganya ija.

Loya_wa_pakhonde
Zosangalatsa nzoti Welensky yemweyo bambo ake anali Myuda wa ku Lithuania kkkk. Ndiye wina uku wina uku, nkumati amagwirizana kulamulira dziko. Bodza la mabanki lija lili ndi gwero lake, kabuku kopeka kotchedwa Protocols of the Elders of Zion komwe kanatuluka ku Russia mu 1903, nyuzipepala ya The Times inaonetsa mu 1921 kuti nkokopera ku buku lina losakhudza nkomwe Ayuda, koma a Nazi anakagwiritsabe ntchito. Zomwe zikuzungulira pa WhatsApp lero ndi kabuku komweko katavala malaya atsopano.

Nachisale_wa_pa_Dedza
Ine ndine wa Mboni ndipo nkhaniyi imatikhudza mbali ziwiri. M'makampu a Nazi munalinso a Mboni, ankawasokera kansalu kofiirira ka makona atatu pa malaya, monganso munali Aromani aja amati ma Gypsy, olumala ndi ena. Sindikufananiza ayi, Ayuda ankaphedwa chifukwa chobadwa basi, analibe pepala loti asayine nkutuluka. Koma za kukhala chete ndikuzidziwa. Agogo anga anathawira ku Sinda Misale ku Zambia mu 1972 nthawi ya makhadi ija, nyumba itaotchedwa, anakwirira mwana kumeneko. Anabwerera nkukhala mudzi umodzi ndi amene anawaotchera, kumwera chitsime chimodzi mpaka imfa. Sanatiuzepo kanthu. Ndinadzamva kwa azakhali pa maliro awo, ndipo azakhaliwonso anapita chaka chatha. Dzina la mwana anakwiriridwa ku Zambia uja palibe akulidziwa pabanja pathu pano. Foni ndinali nayo m'manja zaka zonsezi, kujambula ma selfie.

Mai_a_Tadala
Pepani asisi. Agogo anga aamuna anamenya nkhondo ku Burma ndi KAR, ifenso timangowaseka akayamba nkhani zawo kuti ayambapo a Burma. Chatsala ndi mendulo imodzi ndi kabudula.

Tsabola_wakale
Athu ankati ku Burma anadya nyani. Zina zonse sitinafunse.

Namwino_Berlin
Ndibwerere kwa a Sir. Pa msewu womwe ndimakhala, pakhomo lolowera m'nyumba yathu penipeni, pansi pali timiyala tinayi tokutidwa ndi mkuwa, kukula ngati chikhatho. Amati Stolpersteine, anayambitsa ndi Gunter Demnig m'ma 1990 ndipo pano tadutsa 100,000 m'mayiko ambiri a ku Ulaya. Pamalembedwa kuti pano pankakhala uje, anabadwa chaka chakuti, anatengedwa chaka chakuti, anaphedwa ku Auschwitz. Miyezi yoyamba ndinkangopondapo ndikuthamangira shifiti ya m'mawa. Tsiku lina mu November ndinapeza mayi wina atagwada akupukuta ndi kansalu, pambali kandulo, ndi pomwe ndinawerama nkuwerenga. Bambo, mayi, ana awiri, wamng'ono anabadwa 1936. Masitepe amene ndimakwera ndi omwe anatsika.
Kunonso kunali gogo Margot Friedländer, anapulumuka ku kampu ya Theresienstadt, anakhala ku New York zaka zambirimbiri nkubwerera ku Berlin ali ndi zaka 88 kuti azizungulira m'masukulu. Wamwalira mu May 2025 ali ndi zaka 103. Mnzanga wa kuntchito anamumvapo ali pasukulu, akuti anyamata ovuta a m'kalasi mwawo tsiku limenelo anakhala chete mpaka belu. Vuto ndi lomwelo, akutha. Amene anali ndi zaka 10 mu 1945 pano adutsa 90.

Leeds_carer
Ndipo poti mwanayo bodzalo analipeza pa foni, mankhwala akenso ali pa foni pomwepo. Kuno ku UK kunali gogo Lily Ebert, wochokera ku Hungary, anatengedwa kupita ku Auschwitz mu 1944, mayi ake ndi abale ake awiri aang'ono anaphedwa tsiku lomwe anafika. Chidzukulu chake Dov Forman anamutsegulira TikTok nthawi ya Covid, anthu oposa miliyoni nkumamutsatira, ana kumafunsa mafunso iye nkumayankha, kuonetsa nambala ya pa mkono. Anali ndi kandolo kagolide ka pakhosi komwe anabisa m'chidendene cha nsapato, nsapato itatha ankakabisa mu buledi wake wa tsiku lililonse, ndipo anakavala mpaka ukalamba. Wamwalira mu October 2024 ali ndi zaka 100. Mavidiyo ake ndi aafupi, sadya bandulo.

Kafukufuku
TikTok yomweyo ndi imene yawononga mwanayo. Ndipo pano ndi AI munthu akhoza kupanga gogo wabodza akulira. Mudzasiyanitsa bwanji?

Loya_wa_pakhonde
Nchifukwa chake mumatenga ku malo odziwika kumene anasunga tepi yoyambirira, dzina, deti ndi malo. Ku Yale kuli Fortunoff Archive, anayamba kujambula mu 1979. USC Shoah Foundation anaiyambitsa Steven Spielberg mu 1994, anajambula anthu pafupifupi 52,000 m'mayiko oposa 50, kenako anawonjezera a ku Rwanda, Armenia ndi kwina. Ali ndi tsamba la aphunzitsi lotchedwa IWitness, komanso zambiri zili pa YouTube. Ndipo kujambulaku sikunayambe mochedwa monga ena amanenera, David Boder anazungulira m'makampu a othawa kwawo mu 1946 ndi makina ojambulira mawu pa waya, anthu akadali owonda.

Kwa_Joni_kuno
Sir fufuzani Pinchas Gutter. Anabadwira ku Łódź mu 1932, anakhalako ku South Africa kuno asanapite ku Canada. Anali mapasa ndi mlongo wake. Atafika ku Majdanek mu 1943 anawalekanitsa, iye anaona mlongo wakeyo akuthamangira kwa mayi awo nkuwakumbatira, ndipo amati kuyambira pamenepo nkhope yake saikumbukanso, chimene chinatsala m'mutu mwake ndi tsitsi lake loluka lalitali lija basi, loyera ngati ndevu za chimanga. Anali ndi zaka 10. Ana anu amenewo ena ndi mapasa, ena ali ndi alongo awo, amva.

Sir_Mbiri
Zikomo nonse, sindinayembekezere zonsezi. Vuto magetsi kulibe pasukulu pano, pulojekita ndiye musanene, komanso chizungu cha okalambawa ana anga sangachimve bwino. Koma ndiyesa, ndikapita ku boma Loweruka ndikatsitsa pa laputopu.

Leeds_carer
Muziimitsa pakatipakati nkumamasulira m'Chichewa. Nambala yanu ya Airtel Money mundipatse ku inbox ndikuponyereni ya bandulo.

Dzaleka_neba
Komanso a Sir ngati muli chigawo chapakati, pa Dzaleka pali anthu a ku Rwanda, Burundi ndi Congo amene anaona zinthu ndi maso awo ndipo ena Chichewa amachiyankhula kuposa ife. Koma osangomutenga munthu kuti tiye ukafotokoze, ena safuna ndipo ndi ufulu wawo, bala lake ndi lawo.

Sir_Mbiri
Ndabwera ndi lipoti. Lachitatu ndinatenga laputopu, ana 74 kuunjikana pa sikirini imodzi, ena pa mawindo. Ndinayamba ndi pepala la Jäger, ndinalemba mizere isanu pa bolodi osawauza kuti nchiyani, ndinati wonkhetsani. Atawonkhetsa ndinawauza kuti mwawerengazo ndi anthu ndipo analemba ndi wowaphayo. Kenako bambo Gutter, mphindi 6 zokha koma zinatitengera piriyodi yonse chifukwa chomasulira. Pa tsitsi paja mtsikana wina anatuluka panja. Ineyo mawu anandithawa pang'ono, ndinanamizira choko.
Mnyamata uja sindinganame kuti watembenuka. Anati chabwino anaphedwa koma za mabanki akufufuzabe. Ndamuuza abweretse vidiyo yakeyo tiione limodzi, tifufuze anaipanga ndani. Koma potuluka anatsalira nkundifunsa kuti sir, mlongo wakeyo dzina lake anali ndani. Ndinalibe yankho, ndinachita kukayang'ana usiku. Sabina.
Homuweki ndawapatsa yoti aliyense akakhale ndi munthu wamkulu wa kwawo amufunse chinthu chimodzi chomwe anaona ndi maso, kaya njala ya 1949 ngati alipo otsala, kaya ya 2002, kaya za makhadi, kaya othawa nkhondo a ku Mozambique, alembe dzina ndi chaka.

Tsabola_wakale
Nanga desiki ija?

Sir_Mbiri
Wapala yekha ndi sandipepa koma chikuonekabe pang'ono, anagoba mozama.

Nachisale_wa_pa_Dedza
Sir mafunso amene mwawapatsa anawo munganditumizireko? Kwatsala amalume amodzi ku Mchinji amene anali nawo ku Sinda Misale, ndikufuna ndipiteko mwezi uno ukatha.

Sir_Mbiri
Ndatumiza ku inbox. Ndipo amene ali ndi kasipika ka bluetooth komwe sakugwiritsa ntchito andibwereke, a fomu 3 nawonso akuti akufuna, ndipo akumbuyo sankamva chilichonse.